Kodi za antchito a bungwe loyang'anira makampani n'zachinsinsi?

Nachisale

Moni nonse pagulu pano. Nkhani ija tinaikhudza sabata yatha, ya mabungwe a boma amene amapereka ziphaso ndi kuyendera makampani, sinandichoke m'mutu, ndiye ndati ndiipatse malo akeake. Ena mukudziwa kuti ndinagwirapo ntchito yoyendera mafakitale kwa zaka zisanu ndi zitatu. Dzina la bungwelo sinditchula, ndipo musavutike kundifunsa kumbali.

Tsiku lina tinapita awiri kukayendera fakitale ina. Galimoto ya ofesi inali pagalaja mwezi wachitatu, choncho amene anadzatitenga ndi dalaivala wa fakitale yomweyo. Tikufika, pansi pokolopedwa mpaka kuwala, aliyense atavala magolovesi atsopano, ena mapepala a kusitolo asanamatulidwe n'komwe. Umangodziwa kuti wina anawatsina khutu dzulo lake. Ine ndinapempha buku limene amalembamo kazizidwe ka chipinda chosungira katundu. Masamba a miyezi itatu, cholembera chimodzi, dzanja limodzi, nambala yomweyomweyo m'mawa ndi madzulo, mpaka masiku a tchuthi. Buku logwiridwa tsiku ndi tsiku limada m'mphepete. Ilo linali loyera mbee.

Ndinatenga masampulo anayi, ndinalemba lipoti n'kupereka kwa bwana wanga. Linalowa m'kabati. Patatha milungu isanu ndi umodzi ndinalandira kalata yondisamutsira ku nthambi yosunga mafayilo, ati pofuna kulimbikitsa ntchito kumeneko. Chaka chisanathe bwana uja anapuma pantchito, ndipo mwezi wotsatira anali atayamba kale ku fakitale ija monga mlangizi.

Palibe lamulo limene anaphwanya, ndipo n'zimene zimandisowetsa tulo. Lipoti la pachaka la bungwe lathu linatuluka lokongola, zithunzi zamitundumitundu, ndalama zonse ma odita atazivomereza. Munalibe mzere ndi umodzi womwe wonena kuti oyendera tinatsala angati, ndani anasamutsidwa ndipo chifukwa chiyani, mabwana opuma anakalowa kuti. Ukafunsa amati za antchito n'zamkati. Ine ndikuti bungwe lotere lilibe china chogwirira ntchito koma anthu akewo, ndiye ngati anthu wamba saloledwa kudziwa mmene amalembedwera, kusamutsidwira ndi kuchokera, palibe chimene akudziwa za bungwelo. Kodi ndikulakwitsa?

Mayi a Thoko

Achemwali pepani kwambiri. Koma za magolovesi zandiseketsa, ndikhululukireni. Monga woyang'anira gulu ndingokumbutsa: tisatchule mayina a anthu kapena maofesi amene tili nawo mangawa. Zodziwika kale padziko lonse zokha ndiye tchulani.

Bambo Mbewe

Mayi Nachisale, ine ndinakalambira mu ofesi yoona za antchito m'boma, ndiye mawu akuti zamkati ndawalankhulapo kambirimbiri ndi pakamwa pangapa. Ndiloleni ndiwaikire kumbuyo pang'ono. M'fayilo ya wantchito mumakhala matenda ake, ngongole zake, makalata omuchenjeza pa zinthu zimene mwina anasiya kalekale. Zimenezo sizingapachikidwe pakhoma. Komanso mukaulula dzina la woyendera aliyense ndi kumene akupita, mwamupereka m'manja mwa omwe akukawayenderawo.

Koma kalata yanu ya kusamutsidwayo ndikuidziwa bwino, chifukwa zoterozo ndalembapo. Kuchotsa munthu ntchito m'boma n'kovuta: pamafunika mlandu, komiti, mwayi woti adziteteze, kenako apilo. Kusamutsa sikufuna chilichonse. Siginecha imodzi basi. Ndiye bwana wochenjera sachotsa munthu, amangomusamutsa, malipiro omwewo, udindo womwewo papepala, ndipo palibe khoti limene lingaone cholakwa. Tinkatero ndithu. Sindikunyadira.

Jere

Inetu ndili mbali inayo, ndine amene ndimayenderedwa. Ndili ndi kakampani kakang'ono ndipo chiphaso changa china ndinachidikira miyezi isanu ndi inayi. Ukapita, mwini fayilo ali kumsonkhano. Ukapitanso, ali kumaphunziro. Kachitatu, fomu yasintha, yambiraninso. Antchito anga akufuna malipiro, banki ikufuna zake. Munthu amene wakhalira fayilo yangayo mwezi ukatha amalandira zonse, osachotsedwa ndi pang'ono pomwe. Ndiye mukamati antchitowa atetezedwe ine magazi amawira. Atetezedwa kale mopitirira muyeso. Apatsidwe makontirakiti a zaka ziwiri, aliyense awerengeredwe mafayilo amene watulutsa, wolephera azipita.

Nankhoma

A Jere, ululu wanu ndikuumva, koma muyeso wanuwo ukanachotsa ntchito mayi wina amene ife a zamankhwala timamuphunzira m'kalasi. Frances Kelsey anayamba ntchito ku FDA, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku America, mu 1960. Imodzi mwa mafayilo ake oyambirira inali ya mankhwala otchedwa thalidomide, amene ankagulitsidwa kale ku Ulaya ndi maiko ena ambiri, amayi oyembekezera akumwa pofuna kugona ndi kuletsa mseru. Lamulo la nthawi imeneyo linkati bungwe likakhala chete masiku 60, mankhwala avomerezeka okha. Iye masiku 60 akamatha ankalembera kampani kuti umboni wanu woti mankhwalawa ndi osavulaza sukukwanira, bweretsani wina. Kampani inkabwera, kuimba foni, kukamudandaulira kwa mabwana ake kuti akuchedwetsa zinthu popanda chifukwa. Sanasunthike. Kumapeto kwa 1961 zinadziwika kuti mankhwalawo akupundula ana m'mimba. Ana oposa 10,000 padziko lonse anabadwa manja kapena miyendo ili yosakwanira. Mu 1962 Pulezidenti Kennedy anamupatsa mendulo, ndipo chaka chomwecho lamulo la mankhwala linakhwimitsidwa.

Tsono tangoganizani akanakhala pa kontirakiti yowerengera mafayilo otulutsidwa. Fayilo imodzi chaka chathunthu ndi miyezi pamwamba? Akanapita. Chinamupulumutsa n'choti mabwana ake anaima naye ndipo ntchito yake sinali m'manja mwa odandaulawo.

Jere

Achemwali, si aliyense wochedwetsa fayilo amene ali Kelsey. Ena amachedwetsa kuti uwaganizire. Amene anakhalira yanga sanandipemphe umboni uliwonse, anangondifunsa kuti kodi bizinesi ikuyenda bwanji masiku ano, uku akumwetulira.

Nachisale

A Jere mwanena zoona, ndipo kusiyana kwake mwakutchula nokha. Mayi ujayu ankachedwetsa ndi kalata: ndikufuna ichi ndi ichi, tsiku lakuti, dzina langa ili. Wanuyo ankachedwetsa ndi chete. Wochedwetsa ndi kalata mungamutsutse, mungapite nayo kwa omuposa, ngakhale kukhoti. Wachete mumugwira pati? Ine lamulo limene ndingalifune si loti fayilo ituluke msanga ayi, koma loti tsiku lililonse limene yagona pakhale dzina la amene yagonera ndi chifukwa cholembedwa, ndipo mwini fayilo aziloledwa kuona. Lamulo lomwelo likanathandiza inu likanathandizanso ine, chifukwa lipoti langa nalonso linafa ndi chete yemweyo.

Kondwani

Ndiloleni ndilowetse za ndege, paja mumati ndilibe nkhani ina. Pa 29 Okutobala 2018 ndege ya Lion Air inagwera m'nyanja ku Indonesia, anthu 189 anafa. Pa 10 Malichi 2019 ya Ethiopian Airlines yochoka ku Addis Ababa kupita ku Nairobi inagwa patangotha mphindi zisanu ndi imodzi inyamukire, anthu 157. Zonse ziwiri zinali Boeing 737 MAX zatsopano, ndipo zonse zinagwetsedwa ndi pulogalamu ya kompyuta yotchedwa MCAS, imene inkakankhira mphuno ya ndege pansi itanamizidwa ndi kachipangizo kamodzi kokha koyezera. Oyendetsa ambiri sankadziwa n'komwe kuti pulogalamuyo ilimo.

Funso n'kumati, FAA, bungwe la boma la America lovomereza ndege, linali kuti? Yankho lake ndi nkhani ya antchito yeniyeni. FAA ili ndi dongosolo limene imapereka mbali yaikulu ya ntchito yoyesa ndege kwa mainjiniya a kampani yopanga ndegeyo. Munthu akusaina m'malo mwa boma, koma malipiro, kukwezedwa ndi kuchotsedwa kwake zonse zili m'manja mwa kampani imene ikuthamangira kugulitsa. Mapanga awiri avumbwitsa. Ndipo amene ankagwirizira udindo wa mkulu wa FAA nthawi imeneyo, Daniel Elwell, anauza aphungu a Senate mu Malichi 2019 kuti bungwelo litati lizichita lokha ntchito yonseyo lingafunike antchito ena pafupifupi 10,000 ndi madola 1.8 biliyoni. China inaimitsa ndegezo pa 11 Malichi, maiko ena n'kutsatira, FAA n'kudzaimitsa pa 13, kumapeto kwenikweni.

Chimene ndikufuna muone n'chakuti nambala ya antchito ija, imene ikuoneka ngati nkhani yotopetsa ya mu ofesi ya a Mbewe, ndi imene inali pansi pa imfa za anthu 346.

Bambo Mbewe

Yotopetsa inu, a Kondwani? Ife tinkagona nayo maso. Chaka chilichonse tinkalemba kuti mipando yakutiyakuti ilibe anthu, tiloleni tilembe ntchito. Yankho linkabwera loti boma laimitsa kaye kulemba ntchito. Koma mlembi wachiwiri wa bwana ndi dalaivala wa wapampando wa bodi, chilolezo chawo chinkapezeka sabata yomweyo.

Dalitso

Ine ndi mwana pano, ndikadali pasukulu ya zamalamulo, koma zimene mukukambazi zili ndi mbiri yake m'mabuku. Mu 1971 katswiri wa zachuma George Stigler analemba kuti nthawi zambiri bungwe loyang'anira makampani limathera m'thumba mwa makampani omwewo. Chifukwa chake si ziphuphu zokha. Kampani ili pakhomo pa bungwe tsiku lililonse, ili ndi maloya, ikudziwa dzina la kalaliki aliyense. Munthu wamba amene bungwelo linakhazikitsidwira amalikumbukira pokhapokha zinthu zikaphulika. Tsono wantchito amamva mbali imodzi kwa zaka makumi awiri, mapeto ake amayamba kuganiza ngati iwo osalandira kanthu n'komwe.

Za bwana wa a Nachisale, ku Japan zili ndi dzina lakelake, amakudari, kutanthauza kutsika kuchokera kumwamba: mkulu wa m'boma akapuma amatsikira pa mpando wonona ku kampani imene ankaiyang'anira. Ngozi ya ku Fukushima ya pa 11 Malichi 2011 itachitika, komiti yofufuza imene Nyumba ya Malamulo ya dzikolo inakhazikitsa inanena mu Julayi 2012 kuti tsokalo linali lopangidwa ndi anthu, ndipo inaloza chala ubale wa boma, oyang'anira ndi kampani ya magetsi ya TEPCO. Bungwe loona za chitetezo cha nyukiliya, NISA, linali pansi pa unduna womwewo umene ntchito yake inali kulimbikitsa magetsi a nyukiliya. Analithetsa, ndipo mu Sepitembala 2012 anakhazikitsa lina pansi pa unduna wa zachilengedwe.

China chofanana ndi cha galimoto ya fakitale ija. Nsanja yokumbira mafuta panyanja ya Deepwater Horizon isanaphulike pa 20 Epulo 2010 n'kupha anthu 11, bungwe limodzi la boma la America, Minerals Management Service, ndi limene linkabwereketsa malo okumba, kutolera ndalama za boma kuchokera ku makampaniwo, n'kumawayenderanso. Ofufuza a boma anapeza kuti antchito ena ankalandira mphatso kwa makampani a mafuta, ndipo woyendera wina ankayendera malo a kampani imene pa nthawi yomweyo ankakambirana nayo zoti imulembe ntchito. Bungwelo analigawa patatu.

Mayi a Thoko

Kutsika kuchokera kumwamba! Koma anthuwa amadziwa kutchula zinthu. Ndiye a Dalitso mankhwala ake n'chiyani?

Dalitso

Maiko ambiri amaika nthawi yodikira, mayi. Mkulu akachoka m'bungwe saloledwa kukagwira ntchito, kapena kukalankhulira kampani imene ankaiyang'anira, mpaka patapita chaka chimodzi kapena ziwiri.

Bambo Mbewe

Mwana wanga, papepala n'zokoma. Tsopano tamvera za munthu weniweni. Waphunzira za chinthu chimodzi moyo wake wonse, tinene za mafuta a galimoto kapena za mafoni. M'dziko lonse malo amene angagwire ntchito ndi awiri: bungwe la boma ndi makampani amene bungwelo limayang'anira. Wamuuza kuti akachoka akhale zaka ziwiri manja lende. Adya chiyani? Ngati ukumuletsa, uzimulipira zaka ziwirizo, ndipo anthu omwewa adzakuwa kuti boma likulipira munthu wongokhala. Ukapanda kumulipira, wanzeru aliyense adzakana kubwera kubungweko poyamba pomwe, udzatsala ndi amene makampani anawakana.

Ndinaonapo ndi maso anga. Tinkalemba achinyamata anzeru, kuwatumiza kumaphunziro ndi ndalama za boma, akangodziwa ntchito kampani n'kuwapatsa malipiro owirikiza katatu. Patatha chaka mnyamata yemwe uja akubwera atavala suti kudzatsutsana ndi mnzake amene anamusiya pa desiki, ndipo akudziwa ngodya iliyonse yofooka chifukwa malamulowo analemba nawo.

Kondwani

Apa madala mwalasa. Ndipo kusadziwa ntchito kumapha mofanana ndi ziphuphu. Bernard Madoff anamangidwa mu Disembala 2008 atanamiza anthu kwa zaka zambiri, mapepala akuonetsa madola pafupifupi 65 biliyoni amene kunalibe. Munthu wina wodziwa masamu a zachuma, Harry Markopolos, anayamba kuchenjeza SEC, bungwe la boma la America loyang'anira misika ya masheya, kuyambira mu 2000. Lipoti la wofufuza wa m'bungwe lomwelo la mu 2009 silinapeze kuti antchito anadyetsedwa. Linapeza kuti madandaulo omveka anafika kangapo, anthu anatumizidwa, koma ambiri anali osazolowera ntchitoyo, ankakhulupirira mayankho a Madoff, ndipo sanatsimikize kwa ena apadera ngati malonda amene ankanenawo ankachitikadi. Zili ngati a Nachisale akanalandira buku loyera lija n'kulemba kuti zonse zili bwino.

Nachisale

Mnzanga amene ndinapita naye tsiku limenelo anaterodi. Sanali woipa mtima. Anali ndi miyezi inayi pantchito, palibe amene anamuphunzitsa kuyang'ana m'mphepete mwa buku. Ine amene anandiphunzitsa ndi bambo wina wachikulire amene ankayamba kuyendera fakitale kuchokera kudzala la zinyalala, ati kumeneko sakolopako. Atapuma, mpando wake unakhala wopanda munthu zaka zitatu.

A Mbewe, pa za nthawi yodikira ndikugonjerani theka. Mwina simungamuletse munthu kudya. Koma n'chiyani chikuletsa kuti zidziwike? Bwana akayamba kukambirana ndi kampani za ntchito, alembe tsiku lomwelo, achoke pa mafayilo onse a kampaniyo. Akachoka m'bungwe, lipoti la pachaka linene kuti mkulu wakuti tsopano ali kwakuti, ndipo mafayilo a kampaniyo amene anawagwira zaka ziwiri zomaliza aonedwenso ndi munthu wina. Bwana wanga akanadziwa kuti kabati yake idzatsegulidwa akadzangochoka, sindikhulupirira kuti lipoti langa likanagonamo.

Jere

Zonsezi n'zabwino koma mukuiwala pamwamba. Amene amasankha bodi ndani? Nduna. Amene amasankha mkulu wa bungwe ndani? Bodi ya nduna ija. Boma likasintha bodi yonse imapita, kumabwera ena amene chiphaso chawo chachikulu n'choti anavina bwino pa kampeni. Kenako mkuluyo akubweretsa mlamu wake, mwana wa mlongo wake, mnzake wa kusukulu. Intavyu imachitika dzina litadziwika kale. Khoswe akakhala pamkhate sapheka. Woyendera wamba angalembe lipoti lotani lotsutsa kampani ya munthu amene anathandiza chipani?

Bambo Mbewe

Za ma intavyu musandikumbutse. Ndinakhalapo pa gulu lofunsa, tinapereka mamalikisi, woyamba anaonekeratu. Kalata yolemba ntchito inatuluka ndi dzina la amene anali wachisanu. Nditafunsa anandiuza kuti mamalikisi ndi malangizo chabe. Kuyambira tsiku limenelo ndinayamba kusunga kope la pepala langa la mamalikisi kunyumba. Ndili nawo mpaka lero m'katoni, akazi anga amafuna kuyatsira moto.

Apa ndiye ndikuvomera kuti chinsinsi chilibe ntchito. Pa mipando ya pamwamba, chilengezo cha ntchito, zoyenereza zimene anafuna, mayina a amene anafika kumapeto ndi mamalikisi awo, zonsezo zikhoza kuonetsedwa popanda kuvulaza aliyense. Malipiro a mabwana ndi ma alawansi a bodi chimodzimodzi. Matenda a munthu ndi ngongole zake zokha ndiye zikhale m'fayilo.

Dalitso

Ndipo malamulo opatsa anthu ufulu wopempha zikalata za boma amasiyanitsa motero kumene. Sweden inayamba mu 1766, America mu 1966, South Africa mu 2000, India mu 2005. Pafupifupi onse amateteza za moyo wa munthu payekha, koma mmene udindo wa boma unaperekedwera si za moyo wa munthu payekha. Vuto n'lakuti maofesi amatenga kachigawo koteteza munthu kaja n'kufunditsa nako fayilo yonse. Ofesi ya Ombudsman, imenenso inayambira ku Sweden mu 1809, m'maiko ambiri ili ndi mphamvu yofufuza kalembedwe ka ntchito kokondera, koma nthawi zambiri imadikira kuti wina adandaule, ndipo wodandaula amafunika pepala. Mwina katoni ya a Mbewe ija ndi yofunika kuposa mmene amayi akunyumba akuganizira.

Nankhoma

Ndibwerere kwa a Jere pa za pamwamba. Nthawi zina pamwamba pamakhala munthu wolimba ndipo zinthu zimasinthadi. Dora Akunyili anatsogolera NAFDAC, bungwe loona za zakudya ndi mankhwala ku Nigeria, kuyambira 2001 mpaka 2008. Mng'ono wake anamwalira mu 1988 atabayidwa insulin yachinyengo, mankhwala a matenda a shuga, ndiye nkhondoyo inali ya mumtima. Anachotsa antchito akatangale, anatentha mankhwala achinyengo poyera, anatseka misika ikuluikulu ya mankhwala kuphatikizapo wa ku Onitsha. Mu Disembala 2003 anthu anawombera galimoto yake, chipolopolo chinaboola duku n'kumukanda pamutu. Miyezi yochepa pambuyo pake maofesi a bungwelo anatenthedwa.

Ndimamulemekeza kwambiri mayi ameneyu, koma nkhani yake imandiopsanso. Ngati kuti bungwe ligwire ntchito pakufunika munthu wololera chipolopolo, ndiye kuti dongosolo palibe. Anthu otero sabadwa chaka chilichonse. Babita Deokaran, amene ankaona za ndalama ku dipatimenti ya zaumoyo ya chigawo cha Gauteng ku South Africa, anaulula za malipiro okayikitsa, ndipo pa 23 Ogasiti 2021 anamuwombera pakhomo pa nyumba yake ku Johannesburg akuchokera kokasiya mwana kusukulu. Ndiye tikamauza wantchito wamng'ono kuti ulula, tizidziwa chimene tikumupempha. N'chifukwa chake pa mayina a oyendera wamba ndili mbali ya a Mbewe: asatuluke. Atuluke manambala, ndi mayina a mabwana amene amasaina.

Mayi a Thoko

Ine ndi mayi wamba, sindidziwa za mabodi. Ndikagula mankhwala a chifuwa a mwana ndimangoona chidindo n'kukhulupirira kuti wina anayeza. Lero mukundiuza kuti mwina wina ameneyo kulibe?

Nankhoma

Mayi, si kuti ndikuopsezeni, koma zinachitikapo. Mu 2022 ku Gambia ana pafupifupi 70 anamwalira impso zitasiya kugwira ntchito atamwa mankhwala a chifuwa ochokera ku India, amene munali poizoni. Bungwe la WHO linachenjeza dziko lonse mu Okutobala chaka chimenecho. Dzikolo linalibe labotale yoyezera mankhwala otere, masampulo anachita kutumizidwa kunja. Mu 2023 boma linachotsa mkulu wa bungwe loona za mankhwala ndi wachiwiri wake. Chabwino. Koma zoti labotale kulibe zinali zobisika kwa ndani? Amene amagawa ndalama za boma ankadziwa, aphungu amene amavomereza bajeti akanatha kufunsa. Ngozi ikachitika timathamangira kudula mitu iwiri, amene anakana kupereka ndalama zolembera oyeza n'kukhala pa komiti yofufuza.

Ena amati ndiye makampani azilipira okha ndalama zoyendetsera bungwe. Ku America kuyambira 1992 makampani a mankhwala amalipira FDA kuti iunike mankhwala awo atsopano, ndipo antchito anachulukadi, mafayilo n'kuyamba kutuluka msanga. Koma mtsutso sunathe mpaka lero, woti kodi wokulipira sumayamba kumuona ngati kasitomala?

Jere

Ine ndimalipira kale ndalama zoterozo chaka chilichonse ndipo palibe amene anandionapo ngati kasitomala. Mwina zimayamba ukakula.

Kondwani

A Jere mwaseketsa koma ndi momwemo. Wamng'ono amaona mano a bungwe, wamkulu amaona kumwetulira kwake. Ndiye pa manambala amene a Nankhoma akuti atuluke, pakhalenso awa: makampani akuluakulu anayenderedwa kangati mosadziwitsa, ang'onoang'ono kangati, ndipo malipoti angati opeza zolakwa anathera pa chilango. Ngati oyendera analemba malipoti makumi asanu opeza zolakwa ndipo awiri okha ndi amene anafika pa chilango, phungu aliyense wogalamuka angafunse kuti enawo ali kuti.

Bambo Mbewe

Onjezani ichi, chochokera kwa munthu amene ankalemba makalatawo. Woyendera amene ali ndi lipoti losamalizidwa asasamutsidwe popanda chifukwa cholembedwa, ndipo chifukwacho chikaonedwe ndi wina wa kunja kwa bungwe, kaya komiti ya aphungu kaya Ombudsman. Kakanakhalapo kalamulo kameneka pa nthawi yanga, makalata ena ndikanakana kuwalemba, ndikanangoloza pakhoma n'kunena kuti bwana, lamulo likundiletsa. Wantchito wamng'ono amafuna chinthu choloza. Kukana ndi pakamwa pako pokha n'kovuta ana ali pasukulu.

Mayi Nachisale, ndifunse. Masampulo anayi aja anathera kuti?

Nachisale

Masampulo sindinawaonenso, bambo. Anati anatumizidwa ku labotale, koma m'buku la ku labotale munalibe. Lipoti lokha ndiye ndinakumana nalo. Paja anandisamutsira kosunga mafayilo. Patatha miyezi isanu ndi iwiri bwana atachoka, anakonza kabati yake, mapepala onse n'kubwera kwathu m'makatoni awiri kuti tiwasunge. Ndikusanthula, ndinaona dzanja langa. Masamba asanu ndi limodzi mwa asanu ndi awiri. Lomaliza, pamene ndinalemba zoyenera kuchita ndi pamene bwana amayenera kusaina kuti walandira, linali litathotholedwa bwinobwino, kachidutswa kake katatsalira pa waya womangira.

Jere

Ndiye munatani nalo?

Nachisale

Ntchito yanga inali yosunga mafayilo, a Jere. Ndinalipatsa nambala, ndinalilemba m'kaundula ndi tsiku limene linafika ndi kumene linachokera, ndinalembanso kuti tsamba lachisanu ndi chiwiri palibe. Kenako ndinaliika pa shelefu yachitatu kuchokera pansi, kumanzere kwa zenera. Nambala yake ndikuikumbukirabe.